Mlatho Umene Ndinakweza

Leningrad,
12 Novembala 1957

Wokondedwa Zinaida, mwana wa mlongo wanga,

Terenti Gorokhov, bambo ako, ndiye munthu amene anandilakwira, ndipo ndinalumbira kuti ndikadzalemba kalata ino ndidzayamba ndi dzina lake. Ndayamba nalodi. Tsopano ndichite zimene ankatiphunzitsa agogo ako, kuti munthu salowa ndi mlandu m'nyumba ya mnzake asanapereke moni.

Uli bwanji kumeneko ku Chelyabinsk? Ali bwanji amuna ako a Gennadi, ndi ana, Raya ndi Lyova? Chifuwa cha Lyova chija chinatha? Uzimumwetsa mkaka wotentha wothira batala, usamangodalira mapiritsi. Kuno kuzizira kwayamba msanga, mtsinje wayamba kale kuundana m'mbali.

Ine ndilipo, koma osati kwenikweni. Dokotala wapeza chotupa m'mimba mwanga. Sanandiuze zambiri, anangondigwira paphewa n'kunena kuti ndizidya chilichonse chimene mtima wafuna. Pa zaka 75 munthu amadziwa tanthauzo la mawu otere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndine ndayamba kulemba. Undikhululukire malembedwe, sukulu ndinaphunzira zaka ziwiri zokha.

Khadi lako ndinalandira. Wanena kuti bambo ako anagwa, dzanja lamanja lafa, ndipo mawu akuyamba kuwavuta. Ndinalandiranso nyuzipepala unaikamo ija, ya chikumbutso cha zaka makumi anayi chisinthireni boma, yokhala ndi chithunzi chawo atavala mamendulo. Unalemba kuti ndinyadire mlamu wanga. Ndinaiwerenga katatu, ndikuloza ndi chala.

Nkhani yake ukuidziwa, mwinanso umaiphunzitsa kwa ana a m'kalasi mwako. Akuti tsiku loti mawa boma logwirizira ligwa, woyang'anira mlatho wina anagulidwa ndi asilikali a boma, anamupatsa wotchi yagolide, iye n'kukweza mlatho kuti anthu a m'mafakitale asawoloke kulowa m'tauni. Akuti Terenti Gorokhov anawoloka pabwato, anamenya galu wa mabwanayo, n'kumulanda kiyi.

Zinaida, woyang'anira mlathoyo ndine malume ako.

Wotchi kunalibe. Sindinakhalepo ndi wotchi yagolide, ngakhale yamkuwa. Bodza limenelo ndalisenza zaka makumi anayi, ndipo ndinkaganiza kuti kalata ino idzakhala ya wotchiyo basi. Koma nditakhala pansi kuti ndilembe, ndaona kuti sindingakuuze zimene bambo ako anawonjezera popanda kukuuza zimene anachotsa.

Iwe sindiwe mwana woyamba wa mayi ako. Analipo wina iwe usanabadwe.

Ndiyambire kutali pang'ono. Ntchito ya pamlatho ndinailandira kwa bambo anga, a Saveli. Unali mlatho wamatabwa, pa nthambi ya mtsinje imene imalekanitsa dera la mafakitale ndi tauni. Pakati pake panali chigawo chimene tinkachikweza kuti mabwato a nkhuni adutse. Tinkapukusa anthu awiri, ndipo chimene tinkachitcha kiyi chinali chitsulo chachitali ngati mkono, chimene ukachichotsa pamakina mlatho sungasunthe.

Bambo anandiphunzitsa lamulo limodzi asanandiphunzitse kugwira chitsulocho. Ankati mlatho sumvera pakamwa pa munthu, umamvera pepala la chidindo. Sankanena zopusa. Iwo ali anyamata, munthu wina anakweza mlatho chifukwa bwana woledzera anamukalipira, ndipo ngolo inagwera m'madzi ndi banja lonse. Choncho pepala likweze, pepala litsitse. Ndinakula nazo ngati pemphero.

Chaka cha 1917 mfumu inachotsedwa nyengo yozizira isanathe. Amene analowa anati iwo angogwirizira mpaka chisankho, koma chisankhocho ankangochikankhira kutsogolo. Nkhondo yaikulu imene inali mkati sanaithetse, minda sanagawe, mizere ya buledi inkayamba kusanache. Nduna zinkasintha tisanaloweze mayina awo. Ku fakitale ya bambo ako anthu anali atatembenukira kwa a Bolsheviki, chipani chofuna kulanda boma, ndipo ankabwera kudzatiuza kuti tisamvere pepala lililonse lopanda chidindo cha bungwe lawo.

Mnzanga wopukusa naye, Arkhip, ankaseka. Ankati boma ili lili ngati nkhuku yodulidwa mutu, ikuthamangabe pabwalo koma madzi awira kale. Ine ndinkamuyankha kuti ngakhale litero, chidindo ndi chake, ndipo kanyumba kamene ndimagonamo ndi kake.

Pa 24 Okutobala, cha m'ma 3 koloko masana, anabwera mkulu wa asilikali ndi ophunzira usilikali asanu ndi mmodzi. Anali munthu woonda, wachifuwa, atakulunga nsalu pakhosi. Anandipatsa pepala. Linali ndi chidindo, linali ndi siginecha, linkati mlatho ukwezedwe mpaka lamulo lina litabwera. Ophunzira aja anathamangitsa anthu pamlatho, ine ndi Arkhip tinapukusa. Tinangokweza pang'ono, msinkhu wa munthu ndi theka, ndipo ndinachotsa kiyi.

Sipanapite nthawi, kutsidya kunafika ngolo ya hatchi imodzi. Mayi wina anatsika n'kubwera kumapeto kwenikweni kwa matabwa, akuitana dzina langa. Anali mzamba wa m'dera la mayi ako. Anakuwa kuti m'ngolomo muli Agafya, mayi ako, mwana wakhala mopingasa, iye walephera, ndipo akuthamangira naye kuchipatala cha amayi. Chipatalacho chinali mbali yathu, ulendo wosakwana theka la ola.

Ndinaona mpango wobiriwira m'ngolomo. Ndinamugulira ndine, pa ukwati wake.

Anthu ankati milatho yonse yakwezedwa. Pambuyo pake ndinamva kuti sizinali zoona, wina kumtunda unali wotsitsa. Mwini ngolo anafuna kukayesa kumeneko, koma mzamba anamuletsa. Anati tivutikiranji kuzungulira, woyang'anira mlatho uno ndi mlongo wake wa wodwalayu, atsitsa pompano.

Kutsitsa kunkatenga mphindi khumi.

Ndinapita kwa mkulu wa asilikali uja, chipewa chili m'manja, ndinamufotokozera. Sanandikalipire. Anati tiyimbe lamya kulikulu tipemphe chilolezo, ndipo tinalowa m'kanyumba kanga momwe munali lamyayo. Anaimba koyamba, anamuuza kuti adikire. Anaimbanso, inangolira. Kachitatu anayankha munthu amene anati iye ndi wosesa chabe, mabwana ali pamsonkhano, ena atuluka sakudziwa kumene apita.

Mkuluyo anaika lamya pansi, anakhosomola, n'kundiyang'ana. Mawu ake ndikuwakumbukira onse.

Anati, "Tamvera, bambo. Ine ndipita kuseri kwa kanyumbaka ndikasute fodya. Ndikamasuta sindiona kanthu."

Ine ndinati, "Ndilembereni pepala, bwana."

Iye anati, "Chidindo ndilibe."

Ndinati ndiye tidikire.

Werenganso pamenepo, Zina, usafulumire. Palibe anandiloza mfuti. Ophunzira aja anali atakhala pamatabwa akugawana buledi, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ena analibe n'zipolopolo zomwe. Munthu wa bomayo anachita kunditsegulira khomo. Ine ndi amene ndinalitseka.

Arkhip anayamba n'kundinyengerera, kenako anatukwana. Anandifunsa ngati chidindo ndicho chinayamwa bere limodzi ndi ine. Anafuna kundilanda kiyi, koma anali wamng'ono thupi. Ndinaiika pansi n'kuikhalira, ngati nkhuku pamazira. Ndinkamuuza kuti lamya iyankha posachedwa, tingoyesanso kamodzi.

Ndinkaopa chiyani? Ndadzifunsa zaka zonsezi. Ndinkaopa kuti mawa boma likalimba, adzafunsa kuti anatsitsa ndani popanda pepala, ndipo adzandichotsa ntchito ya bambo anga. Ndinkaopanso chinthu china chovuta kuchitchula. Chibadwire ndinali ndisanachitepo kanthu popanda wondiuza, ndipo tsiku limenelo nditayang'ana kumwamba kwanga ndinapeza kulibe munthu.

Mawu a mayi ako ankamveka kuwoloka madzi. Sankaitana Mulungu, sankaitana mwamuna wake. Ankati achimwene, achimwene. Ine ndinatenga kachitini ka mafuta n'kuyamba kuthira m'mano a makina, amene ndinali nditawathira kale m'mawa, kiyi nditaiponda ndi phazi.

Kenako mawu aja analeka. Ndinaona mzamba akutsitsa ndowa mumtsinje ndi chingwe. Ndinaganiza kuti akufuna kumwetsa hatchi, mtima unakhalako pansi.

Panatha maola awiri. Kukuyamba kuda, bambo ako anafika pabwato ndi anzawo a kufakitale, munthu wina atakawaitana. Pamenepa nyuzipepala yanena zoona. Chimene sinanene n'chakuti panalibe nkhondo. Ophunzira aja anapereka mfuti ngati akubweza makasu obwereka, ndipo mkulu wawo anakweza kolala ya jasi lake n'kumapita wapansi.

Terenti anandimenya kamodzi, mano awiri anagwera pamatabwa. Nkhonya imeneyo sindinaidandaulepo, inali yanga. Anatenga kiyi, iye ndi Arkhip anapukusa, mlatho unatsika.

Ngolo sinawoloke. Inatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Arkhip ndiye anapita kukafunsa kwa anthu amene anali kutsidyako. Anabwera n'kundiuza, osandiyang'ana, kuti mwana anabadwira m'ngolo momwemo, anapuma kanthawi kochepa, kosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Mzamba ataona kuti sakhala moyo, anamubatiza yekha monga amachitira pakasowa wansembe, ndipo mayi ako anatchula dzina. Ndowa ija inali ya ubatizo.

Dzinalo anamva anthu awiri, mzamba ndi mayi ako, kenako anauza bambo ako. Arkhip sanafunse ngati anali mnyamata kapena mtsikana, ndipo ine mpaka lero sindidziwa.

Patapita tsiku limodzi boma lija kunalibe. Ndinawerenga pachikwangwani chomata pakhoma kuti lachotsedwa, nduna zake zatsekeredwa. Anthu ankapita kuntchito, masitolo anali otsegula. Ndinaima pamenepo ndi pepala langa la chidindo m'thumba, ndikuganiza kuti ndinapha mwana wa mlongo wanga pomvera anthu amene ngakhale lamya yawo sankayankha. Pepalalo ndinalisunga mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri, pamene ndinasonkhera moto. Linayaka ngati pepala lina lililonse.

Kumaliro sanandiitane. Kumene anamuika sindikudziwa.

Boma latsopano linandisiya pantchito, chifukwa panalibe wina wodziwa makinawo. Chaka chotsatira, pa chikumbutso choyamba, ndinamva bambo ako akulankhula pabwalo la fakitale. Ngolo munalibe m'nkhani yawo, mzamba munalibe, mwana munalibe. M'malo mwake munali wotchi. Chaka chilichonse wotchiyo inkakula, mpaka inadzakhala ndi tcheni ndi chivundikiro.

Ndivomere chinthu chimodzi, ngakhale chikundiwawa. Dzina langa sanalitchulepo. M'zaka zija anthu ankatengedwa ndi boma osabwereranso chifukwa cha nkhani zazing'ono kuposa imeneyi, akanangotsegula pakamwa ine bwenzi kulibe. Kaya anachitira mayi ako, kaya anafuna kuti ndikhale ndi moyo wautali ndizikumbukira, sindidziwa. Munthu ameneyo amatha kusunga dzina.

Mayi ako sanandithamangitse. Ukukumbukira kuti ankabwera nawe kwanga Loweruka, atanyamula mkate wa kabichi, n'kundichapira malaya. Za tsiku lija sanatchulepo. Kamodzi kokha, Lamlungu la kukhululukirana, tisanalowe m'nyengo ya kusala, ndinamugwadira pakhomo n'kunena kuti andikhululukire. Mwina sudziwa mmene timayankhirana: Mulungu akhululuka, nanenso ndakhululuka. Iye anati, "Mulungu akhululuka, achimwene." Anaima pomwepo, n'kundifunsa ngati ndili ndi sopo.

Dzina sindinalimbe mtima kumufunsa. Ndinkati chaka chamawa. Kenako inabwera nkhondo, iwe ndi bambo ako munasamuka ndi fakitale, iye anatsala kuti asamale apongozi ake odwala, ndipo njala ya mu 1942 inawatenga onse awiri. Ndinamukoka ndekha pachileyi kupita naye kumanda, atakulungidwa mumpango wobiriwira womwe uja. Mzamba anali atamwalira kalekale.

Nkhondo itatha, bambo ako anabwera kuno kudzatenga katundu. Ndinawapeza pasiteshoni, pabenchi, akudya dzira lowiritsa. Ndinavula chipewa. Ndinawauza kuti za wotchi tizisiye, ndikungofuna dzina la mwana. Anamaliza dzira lawo, anakutumula makoko pamwendo, n'kunena kuti, "Imba lamya ufunse, mlamu."

Chimenecho ndicho anandilakwira. Za wotchi n'zazing'ono poyerekeza ndi chimenecho.

Mwina iwe amene unakula osalowa m'tchalitchi ukudabwa kuti dzina ndilitani. Kuno kudakali tchalitchi chimodzi chotsegula chimene ndimatha kufikako wapansi. Pakhomo pamakhala tebulo la makandulo, ndipo munthu amalemba pakapepala mayina a akufa ake, wansembe n'kuwawerenga mmodzimmodzi paguwa. Ine ndimalemba Saveli, Matryona, Agafya: bambo anga, mayi anga, ndi mayi ako. Ndikafika pamzere wachinayi cholembera chimaima.

Nthawi ina ndinalemba kuti khanda. Mayi amene amalandira timapepalato, a Pelageya, anavala magalasi n'kundibwezera. Anandifunsa ngati ndikuganiza kuti kumwamba kuli khanda limodzi. Ndinati Mulungu akumudziwa. Iwo anati Mulungu akumudziwadi, koma wansembe wathu si Mulungu, awerenga chiyani? Anawonjezera kuti nkhalamba zina zimaiwala ndi mayina a akazi awo omwe, ndipite kunyumba ndikakumbukire bwino.

Ndinayesa kuchenjera. Ndinayang'ana m'kalendala ya tchalitchi woyera wa tsiku lija, poti ana ambiri amatchulidwa motero, ndipo kwa zaka zitatu ndinkalemba Afanasi. Koma wansembe akafika pa dzinalo ndinkamva ngati ndaitana mwana wa eni pamsewu. Nanga ngati anali mtsikana? Ndinaleka.

Choncho mwana amene anabatizidwa ndi madzi a mtsinje wanga watha zaka makumi anayi popanda munthu womutchula. Mayi ako mwina ankamutchula mumtima. Chimwalirireni iwo, palibe. Bambo ako sakhulupirira zimenezi, ndipo ndi ufulu wawo, koma asunga chinthu chimene iwo alibe nacho ntchito.

Ndine malume ake. Malume ndiye amayenera kuimirira mwana wa mlongo wake pamene ena onse athawa. Ine ndinakhalira chitsulo. Chatsala chimene ndingamuchitire ndi mzere umodzi wa pakapepala.

Ndikudziwa kuti kalata ino ikulanda zinthu ziwiri tsiku limodzi, bambo a m'nyuzipepala ndi malume amene ankakusemera tizidole. Ukafuna kundida, udane nane, uli ndi chifukwa. Ana ako usawauze ngati sukufuna. A m'kalasi mwako uziwaphunzitsa monga mwa masiku onse, sindikupempha kuti nyuzipepala isinthe kanthu. Wotchi ija ndailandira, ndidzapita nayo kumanda. Ndaona kuti munthu wogulidwa amamvekako, kusiyana ndi munthu amene anachita zimenezi kwaulere.

Kalatayi sindinaiponye ku positi, ndapatsira mnansi wanga amene amagwira ntchito m'sitima ya kumeneko. Abwereranso kuno pakatha masabata awiri, ndipo adzadutsa pakhomo pako asananyamuke.

Undiperekere moni kwa a Gennadi. Raya umuuze kuti chithunzi chake chili pakhoma, pamwamba pa bedi langa. Lyova azivala chipewa. Mulungu amene iwe sumukhulupirira akusunge, akupatse zaka zambiri ndi ana omvera, koma osamvera ngati ine. Bambo ako usawapatse moni wanga, angaulavule.

M'kalata muno ndaikamo kapepala. Uona mayina atatu ndi mzere wachinayi wopanda kanthu. Wanena kuti mawu akuwathawa, choncho usadikire kuti apeze bwino, ine ndinadikirapo kale ndipo ndikudziwa mathero ake. Ukhale pambali pa bedi lawo, uwawerengere mayina atatuwo, ukafika pachinayi ukhale chete. Akalephera kulemba ulembe ndiwe. Akatchula mosamveka, uwafunsenso mpaka umve bwino.

Asapepese, asandikhululukire, asandilembere kalata. Anene dzina la mwanayo, iwe unditumizire kapepalako ndisanafe.

Ndine malume ako,
Yermolai Savelyich